Tinthu Tosaoneka ndi Maso Tochokera m'Miyala: Gawo Lachiwiri

Sabata yatha tidakamba za zitsulo 17 zimene azasayansi amazitcha rare earths, ndipo tidaona kuti mbiri yake idayambira pa mudzi wa Ytterby ku Sweden, kumene Carl Arrhenius adatola mwala wakuda wolemera m'chaka cha 1787. Lero tifuna kuona chimene chimachitika zitsulozi zikaphwanyidwa kukhala tinthu ting'onoting'ono toyandama m'madzi.

Aliyense wa ife adaonapo thobwa litagona m'ndowa. M'mawa nsenga zonse zimakhala zitadikha pansi, pamwamba patatsala madzi. Koma tungani madzi a pachithaphwi cha dothi la makande, muwasunge m'botolo: patapita masiku angapo adzakhalabe otuwa. Kusiyana kwake n'kwakuti tizidutswa ta dongo n'tating'ono kwambiri kuposa nsenga za thobwa. Madzi ngakhale aoneke odekha, tizigawo take timayenda kosalekeza ndi kumagunda dongolo uku ndi uko, kotero kuti silipeza mpata womira. Robert Brown adaona kunjenjemera kotereku pa makina oonera zinthu zazing'ono mu 1827, ndipo Albert Einstein adalongosola chifukwa chake mu 1905.

Tsono tinthu timene tikunenati timayezedwa ndi muyeso wa nanomita. Gawani milimita imodzi pa rula yanu m'zigawo 1,000,000. Chigawo chimodzi ndiye nanomita. Tsitsi limodzi la munthu kunenepa kwake ndi mananomita pakati pa 50,000 ndi 100,000, pamene tinthuti sitipyola mananomita 100.

Nanga n'kuvutikiranji kuphwanya chitsulo chotere? Aphunzitsi a masamu angayese funso ili ndi ana awo. Kanthu ka mbali zisanu ndi imodzi zofanana, kotalika sentimita imodzi mbali iliyonse, kali ndi nkhope zokwana masikweya sentimita 6. Mukakadula m'tizidutswa ta mananomita 10, nkhope zonse pamodzi zimakwana masikweya mita 600, malo oposa bwalo la ntchemberembaye. Kulemera sikudasinthe, koma malo ogwirira ntchito achuluka, pakuti mankhwala amagwirana ndi anzake pa nkhope, osati m'kati.

Chitsulo chimene chimagwira ntchito kwambiri m'njira imeneyi ndi cerium, chimene chidadziwika mu 1803. Ambiri tidachigwirapo osadziwa, chifukwa kamwala kothetheka moto m'laita yoyatsira ndudu n'kosakaniza cerium ndi chitsulo wamba. Cerium ikaphatikana ndi mpweya wa okosijeni imasanduka ufa woyezukira, ndipo ufawu ukasungidwa m'madzi ndiwo umasalalitsa magalasi a maso, a makamera ndi a foni zam'manja. Umapala galasi pang'onopang'ono, komanso umagwirana nalo ndi kuchotsa timabampu tosaoneka. M'mafakitale opanga ubongo wa kompyuta amagwiritsa ntchito madzi omwewa posalalitsa timbale ta silikoni. Ena amathira tinthuti pang'ono m'dizilo kuti mwaye upse bwino. Ofufuza za chipatala nawonso akuyesa tinthu ta ytterbium ndi erbium, timene timawala tikaombedwa ndi kuwala kosaoneka ndi maso, kuti tiziwathandiza kuona za m'kati mwa minofu.

Luso lalikulu lagona pa kuletsa tinthuti kuti tisagwirane. Tikangomatana timasanduka zibuma, timamira, ndipo chibuma chimodzi chingathe kukanda galasi la mtengo wapatali. Choncho akatswiri amasamala kuwawasa kwa madziwo kuti kanthu kalikonse kakhale ndi mphamvu ya magetsi yofanana ndi kanzake, pakuti mphamvu zofanana zimakankhana. Nthawi zina amatikuta ndi asidi wa m'mandimu. Mchere ukalowamo wambiri mphamvu ija imafooka, tinthu tonse n'kudikha. Ndi nzeru yomweyi imene oyeretsa madzi a m'mipope amatsata pothira alamu kuti matope amire. Akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ntchito iyi siifuna munthu waphuma.

Nkhaniyi ikutikhudza ife a Malawi. Phiri la Kangankunde m'boma la Balaka lili ndi mwala wa monazite, umene muli cerium, lanthanum ndi neodymium, ndipo kampani ya Lindian ya ku Australia idagwirizana zogula mgodiwo mu 2022. Ku Phalombe kuli phiri la Songwe, ndipo kampani ya Mkango idasainirana ndi boma pangano lokumba kumeneko mu 2024. Koma kukumba ndi chiyambi chabe. Zitsulozi zimafanana kwambiri pa chikhalidwe, kotero kuti kuzilekanitsa kumafuna kuzisungunula mu asidi ndi kuzisefa kambirimbiri. Dziko la China lidaphunzira ntchito imeneyi kwa zaka zambiri, ndipo litachepetsa malonda ake akunja mu 2010 mitengo idakwera kowirikiza pa dziko lonse. Phindu lalikulu limatsalira wolekanitsa ndi wopanga ufa, osati wokumba.

Palinso zoopsa zimene sitiyenera kuzibisa. Monazite amakhala ndi thorium, chitsulo chotulutsa cheza choononga thupi, ndipo zotsalira za asidi zikatayidwa mosasamala zimaipitsa zitsime ndi minda, monga zidachitikira pafupi ndi mzinda wa Baotou ku China. Ufa wouma nawo si wofunika kuupuma. Ndani adzayeza madzi a ku Balaka ndi ku Phalombe ngati mwa ife mulibe wodziwa kuyeza?

Inu amene mwangotsiriza Fomu 4, musanyoze Chemistry ndi masamu poganiza kuti n'za azungu. Inunso aphunzitsi, botolo la madzi a dongo ndi supuni ya mchere n'zokwanira kusonyeza ana zonse tanenazi, ngakhale pa sukulu yopanda labotale.

Sabata ya mawa tidzakamba za neodymium ndi maginito oyendetsa galimoto za magetsi.