Clarisse Machanguana, Mayi Amene Anayenda ndi Mpira

Ambiri a ife tili ndi mbale amene anapita kukagwira ntchito kunja. Ena anapita ku migodi ya ku Joni. Ena anapita ku minda ya fodya ku Zimbabwe. Ulendo wotere timaudziwa. Munthu amasiya kwawo. Amasaina kontrakiti. Amagwira ntchito ndi mphamvu za thupi lake. Mphamvu zikatha, ntchitonso yatha.

Lero tiwerenga za mayi wina wa dziko lathu amene anayenda ulendo wotere. Iye sanatenge khasu kapena fosholo. Anatenga mpira. Dzina lake ndi Clarisse Machanguana.

Mpira wake ndi wotani?

Mpira umene tinazolowera kumudzi ndi wamiyendo. Wa Clarisse ndi wamanja. M'Chipwitikizi timautcha basquetebol. Dzinali linachokera ku liwu la Chingerezi lotanthauza dengu. Mphunzitsi wina, James Naismith, ndiye anauyambitsa ku America m'chaka cha 1891. Anapachika madengu awiri m'mwamba. Kenaka anauza ophunzira ake kuti aziponyamo mpira.

Masiku ano sapachikanso dengu. Amapachika mkombero wachitsulo wokhala ndi ukonde. Kuchokera pansi kufika pa mkomberowo pali mamita 3 ndi masentimita 5. Timu iliyonse imalowetsa anthu 5 m'bwalo. Wosewera saloledwa kuthamanga atanyamula mpira. Ayenera kuumenyetsa pansi ndi dzanja pamene akuyenda, kapena kupatsira mnzake. Mpira ukalowa mu mkombero, timu imapeza mapointi 2. Ukaponyedwa kuchokera patali, imapeza mapointi 3.

Pa mpira umenewu munthu wamtali amafunika kwambiri. Clarisse ndi wamtali mita 1 ndi masentimita 96. Pa makomo a nyumba zathu zambiri angalowe chowerama. Malo ake m'bwalo anali pafupi ndi mkombero. Ntchito yake inali kuponya mpira ali pafupi, kutchinga adani, ndi kuwakha mpira umene waphonya.

Kuchoka kwawo

Clarisse anabadwira ku Maputo, ndipo mpira anauphunzira komweko. Akazi a dziko lathu amaudziwa bwino mpirawu. M'chaka cha 1991 timu yathu ya akazi inapambana pa masewera a mayiko a mu Africa ku Cairo, m'dziko la Egypt. Nthawi imeneyo nkhondo inali isanathe kuno kwathu. Kudya ndi kuvala chifukwa cha mpira kunali kovuta.

Akadali mtsikana, Clarisse anapita ku Portugal. Kumeneko ankasewera ndiponso kuphunzira. M'chaka cha 1994 anawoloka nyanja yaikulu kupita ku America. Analowa sukulu yaukachenjede ya Old Dominion, mu mzinda wa Norfolk.

Tiyeni timvetse mmene sukulu zimenezi zimachitira. Sukulu imamulipirira wosewera maphunziro, chakudya ndi pogona. Iye amasewerera timu ya sukuluyo. Koma pali lamulo. Wolephera m'kalasi saloledwa kulowa m'bwalo. Choncho kutalika kokha sikunali kokwanira. Clarisse anayenera kuwerenga ndi kulemba mayeso m'Chingerezi, chinenero chimene si cha kwawo.

M'timu imeneyo munalinso Ticha Penicheiro wa ku Portugal. Awiriwa ankamvana m'Chipwitikizi. M'chaka cha 1997 timu yawo inafika pa masewera omaliza a sukulu zaukachenjede za dziko lonse la America. Inagonja kwa timu ya Tennessee ndi mapointi 68 kwa 59. Chikho sanachitenge, koma Clarisse anawerengedwa pakati pa osewera opambana a chaka chimenecho.

Mpira usanduka ntchito

Atachoka pa sukulu, mpira unakhala ntchito yake yolandira malipiro. Anayamba ndi timu ya San Jose Lasers. Timuyi inali m'bungwe la mpira wa akazi lotchedwa ABL. Koma mu Disembala 1998 bungweli linagwa chifukwa ndalama zinatha. Masewera analekezera pakati. Osewera onse anangodzuka alibe ntchito. Zili ngati mgodi umene watsekedwa kontrakiti isanathe.

Clarisse sanabwerere m'mbuyo. M'chaka cha 1999 timu ya Los Angeles Sparks inamusankha. Iyi ili m'bungwe lina lotchedwa WNBA, limene linayamba masewera ake mu 1997. Anasewera kumeneko mu 1999 ndi mu 2000. Mu 2001 anali ku Charlotte Sting. Mu 2002 anali ku Orlando Miracle.

Tiwerenge bwino. Pa zaka 4 zokha anasewerera matimu 3, m'mizinda 3 yotalikirana. Wosewera sakhazikika. Akasamuka amapeza mphunzitsi wina, anzake ena, nyumba ina. Ngakhale matimu enieniwo sakhalitsa. Orlando Miracle inasamutsidwa ndi kusintha dzina mu 2003. Charlotte Sting inathetsedwa mu 2007.

Pambuyo pake Clarisse anasewera ku Ulaya, m'mayiko monga Spain ndi Italy. Akazi ambiri a mpira umenewu amayenda chotero. Ku America masewera a akazi amachitika pakati pa chaka. Ku Ulaya amayamba chaka chikamatha. Choncho ena amasewera uku ndi uku kuti ndalama zikwane. Thupi silipuma. Mawondo ndi akakolo ndiwo amayamba kudandaula. Wosewera akavulala kwambiri, timu imafuna wina.

Dziko lililonse lili ndi chinenero chake ndi malamulo ake. Timu iliyonse ili ndi kontrakiti yake. M'pepalamo amalemba malipiro, kutalika kwa ntchito, ndi amene adzalipire chipatala munthu akavulala. Wosewera amene sawerenga pepalalo amadalira pakamwa pa munthu wina. Abale athu amene anadinda chala pa makontrakiti a ku migodi akudziwa kuwawa kwake.

Kubwerera kumudzi

M'chaka cha 2013 mpikisano wa akazi wa mayiko a mu Africa unachitikira ku Maputo. Clarisse anali atakula. Anzake ambiri a msinkhu wake anali atasiya kale mpira. Koma iye anavala malaya a Mozambique ndi kulowa m'bwalo pamodzi ndi atsikana aang'ono kwa iye. Timu yathu inafika pa masewera omaliza. Inagonja kwa Angola, ndipo inakhala yachiwiri mu Africa monse. Malo achiwiriwo anatsegula khomo. Mu 2014 akazi a Mozambique anakasewera pa mpikisano wa dziko lonse lapansi ku Turkey. Kanali koyamba.

Atasiya kusewera, Clarisse anayambitsa bungwe lotchedwa Fundação Clarisse Machanguana. Cholinga chake chinali kusonkhanitsa achinyamata ndi mpira, kenaka kukambirana nawo za umoyo, makamaka za kachirombo ka HIV. Ana amabwera chifukwa cha mpira. Amabwerera kwawo atamva zoteteza moyo wawo.

Tiphunzirapo chiyani?

Ntchito ya mpira ndi yaifupi. Mlimi amalima mpaka imvi. Wosewera amasiya akadali ndi zaka zambiri zoti akhale ndi moyo. Bungwe limagwa, timu imasamuka, bondo limakana. Zimene Clarisse anaphunzira m'kalasi ndi m'maulendo ake sizinatsale m'bwalo. Anabwera nazo kwathu.

M'midzi mwathu muli atsikana aatali ndi amphamvu. Nthawi zina timawaseka. Nthawi zina timawaletsa kusewera, timati mpira ndi wa anyamata. Nthawi zina timawachotsa pa sukulu kuti akwatiwe. Clarisse akadachotsedwa pa sukulu, khomo la ku Norfolk silikadatseguka. Tisawatsekere ana athu makomo awiriwa, la kalasi ndi la bwalo.

Tiyeni tikambirane

1. Kodi Clarisse anasewera m'mayiko ati?
2. N'chifukwa chiyani anasowa ntchito mu 1998?
3. Kodi munthu ayenera kuona chiyani mu kontrakiti asanasaine?
4. Kodi m'mudzi mwathu atsikana ali ndi malo osewerera? Ngati alibe, tingachite chiyani?