Mapasa a ku Malaŵi ndi Kutchuka kwa Katswiri wa ku St. Louis

Ana aŵiri abadwa tsiku limodzi, ayamwa bere limodzi, adya phala la mumphika umodzi. Pofika chaka chachiŵiri mmodzi ayamba kutupa mapazi ndi nkhope, tsitsi lifiira ndi kupyapyala, pamene mnzakeyo angoseŵera pabwalo ali wojintcha. Kumudzi zikatere akuluakulu amayamba kunong'onezana za tsempho, ndipo mlandu umagwera makolo. Kuchipatala matendaŵa amaŵatcha kwashiorkor, dzina la m'chinenero cha Chiga cha ku Ghana limene Dokotala Cicely Williams adaliloŵetsa m'mabuku a zamankhwala m'chaka cha 1935. Kwa zaka zambiri ana asukulu akhala akuphunzitsidwa kuti gwero la nthendayi ndi kupereŵera kwa zakudya zomanga thupi. Koma ngati mphika uli umodzi, nanga mwana winayo wapulumuka bwanji?

Funso limeneli ndilo lidabweretsa dzina la Malaŵi m'magazini ya akatswiri yotchedwa Science m'chaka cha 2013. Pansi pa mutu wa pepalalo padali mayina 19, ndipo lomalizira lidali la Pulofesa Jeffrey Gordon, a ku sukulu ya ukachenjede ya Washington University mumzinda wa St. Louis ku Amereka. Pakati pa ofufuza za tizilombo tokhala m'matumbo a munthu, ndi oŵerengeka amene dzina lawo limatchulidwa kaŵirikaŵiri kuposa la mkuluyu. Kutchulidwa kumeneku kuli ndi chiŵerengero chake, ndipo m'maiko ambiri chiŵerengerocho chimathandiza kugamula amene akwezedwe pantchito, amene apatsidwe ndalama za kafukufuku, ndi amene angouzidwa kuti ayeserenso chaka chamaŵa.

Mwambo wake ndi wotere. Katswiri akamaliza kafukufuku amalemba pepala, anzake ena amaliyesa ngati lili lolongosoka, kenaka limasindikizidwa. Kumapeto kwa pepala lililonse wolembayo amandandalika mapepala a anthu ena amene adatsamirapo, monga mmene munthu wonena mlandu pabwalo amatchulira mboni zake. Dzina likaoneka pamndandanda wotero kamodzi, ndiye kuti mwini wake watchulidwa kamodzi. Eugene Garfield wa ku Amereka adalemba m'chaka cha 1955 kuti kutchulana kumeneku kukhoza kusonkhanitsidwa ndi kuŵerengedwa, ndipo mu 1964 adatulutsa kaundula wake wotchedwa Science Citation Index. Masiku amenewo adali mabuku olemera a m'nyumba zoŵerengera. Lero ntchitoyo imachitidwa ndi makompyuta. Mu 2005 Jorge Hirsch adaonjezapo muyeso wina wotchedwa h-index: munthu amene muyeso wake uli 20 ndiye kuti ali ndi mapepala 20 amene lililonse latchulidwa kosachepera ka 20. Mphunzitsi amene adalembapo malikisi m'kaundula adzaona msanga chimene akuluakulu a masukulu a ukachenjede adakondera muyesowu. Ndi nambala imodzi, ndipo nambala imodzi siivuta kuyerekeza.

A Gordon adabadwa mu 1947 ndipo adayamba ntchito ku Washington University mu 1981. Poyamba ankafufuza mmene khungu la m'kati mwa matumbo limakulira. Ntchitoyo idaŵafikitsa kwa eni nyumba ena a m'matumbomo, ndiwo mabakiteriya amitundumitundu amene amakhala mwa munthu aliyense, ngakhale wathanzi, namamthandiza kugaya zakudya zimene thupi palokha silingathe kugaya. Chida chawo chachikulu chidali mbeŵa zobadwira ndi kukulira m'mabokosi otsekedwa ndithu, mmene mpweya, madzi ndi chakudya zimayamba zayeretsedwa, kotero kuti mbeŵazo zilibe kachilombo nkamodzi komwe m'thupi. Mbeŵa yotere ili ngati munda wongolimidwa kumene: chimene wofufuza afesamo ndicho chimamera, ndipo zotsatira zake zimaoneka poyera.

Mu December 2006 magazini ya Nature idasindikiza pepala limene lidatchukitsa gulu lawo. Wophunzira wawo, Peter Turnbaugh, adatenga tizilombo ta m'matumbo a mbeŵa zonenepa kwambiri natiika mu mbeŵa zopanda tizilombo zija, ndipo zina adazipatsa tizilombo ta mbeŵa zoonda. Patapita masabata aŵiri, zolandira tizilombo ta mbeŵa zonenepa zidapezeka ndi mafuta ambiri kuposa zinzake. Pepala limodzi lokhali latchulidwa kopitirira ka 10,000. Pophatikiza mapepala awo onse, amene ali mazana angapo, a Gordon atchulidwa kopitirira ka 100,000. Mu 2015 kampani ya Thomson Reuters, imene inkasunga kaundula wa Garfield panthaŵiyo, idaŵaika pamndandanda wa anthu amene chiŵerengero chawo chimaloza ku mphotho ya Nobel. Mu 2018 bungwe la Royal Society la ku London lidaŵapatsa mendulo ya Copley.

Tsono nkofunika kufunsa chimene nambala yaikulu chotere imanena. Imanena zoona pa chinthu chimodzi: anthu ambiri ogwira ntchito yofananayo adaliŵerenga pepalalo, kapena adamva za ilo, ndipo adaona kuti sangayambe nkhani yawo osalitchula. Zimenezi si zazing'ono. Chaka cha 2006 chisanafike, madokotala ambiri ankaona tizilombo ta m'matumbo ngati alendo ongodya nawo. Zitatha zaka khumi, maiko ambiri adali ndi magulu ofufuza za ito. Koma nambalayo siinena ngati zonse zolembedwa m'pepala zidatsimikizika.

Chitsanzo chili m'magazini yomweyo ya December 2006. Ruth Ley, wa m'gulu la a Gordon lomwelo, adayeza anthu 12 onenepa kwambiri napeza kuti mwa magulu aŵiri akuluakulu a mabakiteriya, Firmicutes ndi Bacteroidetes, loyambalo lidali lochuluka mwa iwo kuposa mwa anthu oonda. Mfundo imeneyi idafala ngati moto wa lupsa, ndipo mapepala zikwizikwi adaibwereza. Mu 2016 Marc Sze ndi Patrick Schloss a ku University of Michigan adasonkhanitsa zopeza za makafukufuku 10 osiyanasiyana naziŵerenganso pamodzi. Sadapeze umboni wolimba wakuti kuchuluka kwa magulu aŵiriŵa kumasiyanitsa munthu wonenepa ndi woonda. Palibe amene adanama. Anthu 12 ndi ochepa, ndipo chimene chioneka mwa ochepa sichioneka nthaŵi zonse mwa ambiri. Chodabwitsa nchakuti Sze ndi Schloss, potsutsa mfundoyo, adayenera kutchula pepala la 2006 lija, ndipo kaundula adaliŵerengera kutchulidwa kwina. Kompyuta siisiyanitsa woyamika ndi wotsutsa.

Palinso nkhani ina yoposa apa, imene siikhudza a Gordon okha koma ntchito yonseyi. Kwa zaka pafupifupi 40 mabuku ndi mapepala ankanena kuti m'thupi la munthu mabakiteriya ndi ochuluka ka 10 kuposa maselo a munthuyo. Aliyense ankatchula amene adalemba iye asanalembe. Ofufuza atalondola mapazi a nambalayi adakafika pa pepala la Thomas Luckey la mu 1972, mmene idali kungoyerekeza chabe, ndi la Dwayne Savage la mu 1977, limene lidaifalitsa. Mu 2016 Ron Sender, Shai Fuchs ndi Ron Milo adaŵerenga mwatsopano napeza kuti mwamuna wolemera makilogalamu 70 ali ndi mabakiteriya pafupifupi mathiriliyoni 38 ndi maselo a thupi pafupifupi mathiriliyoni 30. Mbali ziŵirizi nzofanana ndithu. Mphunzitsi amene akali ndi buku lonena za "ka 10" angachite bwino kukonzamo ndi pensulo.

Kumbali inayi, kusatchulidwa sikusonyeza kuti ntchito njachabe. Gregor Mendel adasindikiza zopeza zake za nsaŵaŵa mu 1866, ndipo dziko lidakhala chete mpaka 1900. Lero palibe mwana wa sekondale wophunzira sayansi ya zamoyo amene sakumana ndi dzina lake.

Tibwerere kwa mapasa aja, pakuti mpamene ntchito ya a Gordon idachoka ku mafuta a mbeŵa nkufika pa moyo wa ana. Mnzawo pantchitoyi adali Dokotala Mark Manary, wa ku Washington University komweko, amene adakhala zaka zambiri akuchiza ana onyentchera ku Malaŵi ndi kulimbikitsa chakudya chamtedza chimene amayi amachidziŵa ndi dzina lakuti chiponde. Gululi lidatsata mapasa 317, kutanthauza ana 634, a m'midzi ya m'chigawo cha kummwera m'zaka zitatu zoyamba za moyo wawo. Pa theka la mapasaŵa ana onse aŵiri adakula bwino. Pa 7 mwa 100 alionse, onse aŵiri adanyentchera. Koma pa 43 mwa 100 alionse, mmodzi adadwala wina ali bwino. Mmodzi akadwala kwashiorkor, ana onse aŵiri ankapatsidwa chiponde, ndipo ofufuzawo ankatenga chimbudzi chawo chakudyacho chisanayambe, chili m'kati, ndiponso chitatha.

Adapeza kuti m'matumbo a mwana wathanzi mudzi wa tizilombo umakula limodzi ndi mwanayo, mitundu ina ikuchoka ina ikuloŵa monga mwa msinkhu. Mwa mwana wa kwashiorkor mudziwo umakhala wopinimbira. Chiponde chinkausuntha kuti uyambe kukhwima, koma chakudyacho chikaleka unkabwerera m'mbuyo.

Panatsala funso lovuta: kodi tizilomboto tapinimbira chifukwa mwana wadwala, kapena mwana wadwala chifukwa cha tizilomboto? Apa mpamene mbeŵa zija zidagwira ntchito. Chimbudzi cha mapasa a m'mabanja atatu chidatumizidwa ku St. Louis chili choumitsidwa ndi chisanu. Mbeŵa zina zidalandira tizilombo ta mwana wodwala, zina ta mbale wake wathanzi, ndipo zonse zidadyetsedwa chakudya chofanana ndi cha m'midzi ya ku Malaŵi, chimene gawo lake lalikulu lidali ufa wa chimanga ndi ndiwo zamasamba. Pa mabanja aŵiri mwa atatuwo, mbeŵa zolandira tizilombo ta mwana wodwala zidaonda kwambiri, pamene zinzake sizidatero. Zitapatsidwa chiponde zidabwerera m'thupi. Tanthauzo lake si lakuti njala ilibe mlandu. Chakudya chopereŵera ndi tizilombo tosokonekera zimagwirizana, ndipo kudyetsa mwana kwa masabata oŵerengeka kungamchotse pakamwa pa imfa koma osakonza za m'matumbo mwake. M'chaka chomwecho cha 2013 Indi Trehan, Manary ndi anzawo adasindikiza kafukufuku wina wa ana 2,767 a ku Malaŵi, woonetsa kuti kuonjezera mankhwala opha mabakiteriya pa chiponde kudachepetsa imfa pakati pa ana onyentchera kwambiri.

Mutu umodzi susenza denga, ndipo mayina 19 aja akuchitira umboni. Koma mndandanda wa mayina pa pepala la sayansi uli ndi mwambo wake, umene wophunzira wofuna kuloŵa ntchitoyi ayenera kuudziŵa msanga. Dzina loyamba ndi la amene adagwira ntchito yaikulu ndi manja ake. Pa pepala la mapasa lidali la Michelle Smith. Dzina lomaliza ndi la mwini gulu, amene adapeza ndalama ndi kutsogolera maganizo. Ena onse amakhala pakati. Dzina la Rajhab Mkakosya, amene panthaŵiyo adali ku College of Medicine ku Blantyre, lili pa malo achisanu. Kaundula amaŵerengera onse 19 kutchulidwa kofanana, koma pakamwa pa akatswiri pepalalo ndi "la Smith ndi anzake" kapena "la gulu la Gordon". Ndipo anamwino, alangizi a zaumoyo ndi amayi amene adayenda mitunda mwezi ndi mwezi atabereka mwana mmodzi kumbuyo wina kumanja, saoneka m'chiŵerengero chilichonse. Izi si vuto la pepala limodzi. Ndi mmene muyesowo udapangidwira. Komabe dziko limene ana ake amafufuzidwa liyenera kuyang'anitsitsa pamene pakhala mayina a akatswiri ake, chifukwa malo a dzina ndiwo amatsegula khomo la ndalama za kafukufuku wotsatira. Mu 2016 pepala lina la gulu lomweli, la mu Science, lidaonetsa kuti tizilombo ta ana onyentchera a ku Malaŵi timalepheretsa ana a mbeŵa kukula bwino. M'menemo muli dzina la Pulofesa Kenneth Maleta.

Ntchito yofuna mankhwala idapitirira ku Bangladesh, mothandizana ndi Dokotala Tahmeed Ahmed a ku bungwe la icddr,b mumzinda wa Dhaka. Ofufuza adayesa zakudya zopezeka m'misika ya kumeneko, chimodzichimodzi ndiponso mosakaniza, mu mbeŵa ndi mu ana a nkhumba, kufuna kuona zimene zimakuza mabakiteriya osoŵa mwa ana onyentchera. Adatsala ndi zinayi: ufa wa tchana, ufa wa soya, ufa wa mtedza ndi nthochi yaiŵisi. Chosakanizacho adachitcha MDCF-2. Ana 123 a miyezi 12 mpaka 18 a m'dera la Mirpur adagaŵidwa paŵiri, ena kulandira chakudya chatsopanochi, ena cha mpunga ndi mphodza chimene chidalipo kale, kaŵiri pa tsiku kwa miyezi itatu. Ngakhale kuti MDCF-2 idali ndi mphamvu zochepa poyerekeza ndi chinzakecho, ana oidya adalemera msanga molingana ndi kutalika kwawo.

Zopezazi zidatuluka mu 2021 m'magazini ya New England Journal of Medicine. Pepalali silinafike nkomwe pafupi ndi chiŵerengero cha pepala la mbeŵa zonenepa la 2006, limene lidalitsogolera ndi zaka 15. Pamndandanda wa mayina ake, lachiŵiri ndi la Ishita Mostafa wa ku Dhaka, ndipo loyandikana ndi la a Gordon kumapeto ndi la a Ahmed.