Mwala wowira umene uli kuseri kwa petulo wathu

Mtengo wa mafuta a galimoto ukangokwera, tonse timasanduka akatswiri. M'minibasi, mumsika ngakhale pabawo, nkhani imakhala ya dola ndi mathankala ochokera ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam. Nzoona, dziko lino lilibe fakitale yoyengera mafuta. Koma lero ndati ndikutengereni komwe petuloyo amabadwira, chifukwa kumeneko kuli ufa wina umene ambirife sitinaumvepo.

Mafuta akamatuluka pansi amakhala chiphala chakuda, ndipo gawo lalikulu ndi lolemera moti injini ya galimoto singaligwiritse ntchito. Kuti petulo achuluke, mafuta olemerawo amayenera kuswedwa. Woswa wake ndi zeolite. Dzinali adalipereka ndi Axel Cronstedt wa ku Sweden m'chaka cha 1756, ataona mwala wina ukutulutsa nthunzi ngati ukuwira pamene adautenthetsa. Zeolite wa m'mafakitale ngochita kupanga, ndipo Charles Plank ndi Edward Rosinski a kampani ya Mobil ndiwo adamulowetsa pa ntchito yoswa mafuta kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960. Kuyambira pamenepo mgolo umodzi udayamba kupereka petulo wambiri kuposa kale.

Ufawu uli ngati chisa cha njuchi, timabowo tokhatokha tosaoneka ndi maso. M'kati mwa timabowomo, paliponse pamene aluminiyamu wakhala pamalo pa silikoni, pamakhala asidi. Asidi ameneyu, pa kutentha kwa madigiri pafupifupi 500, ndiye mpeni woduladula mafuta.

Tsono asidiyu ali ngati mchere wa m'ndiwo. Akachepa, mafuta olemera amangodutsa osasweka. Akakhala waukali kwambiri, amaswa mopyola muyeso, n'kutulutsa gasi wambiri ndi mwaye umene umatseka timabowo tija. Konsekonse mwini fakitale waluza, ndipo inu amalonda mukudziwa kuti woluza sapirira yekha, amagawana ndi wogula. Nchifukwa chake asidiyu amayenera kuyezedwa.

Nanga amayeza bwanji? Ophunzira musathamangire kapepala ka litimasi, chifukwa asidiyu sali m'madzi, adamatirira pakhoma m'kati mwa ufa wouma.

Njira yodziwika kwambiri ndi ya amoniya. Amayamba aumitsa ufawo, kenaka n'kuupopera amoniya amene amakakamira paliponse pali asidi. Akatero amatenthetsa pang'onopang'ono, paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Amoniya wogwidwa ndi asidi wofooka amathawa msanga, cha m'ma madigiri 200, pomwe wogwidwa ndi asidi waukali amadikira mpaka cha m'ma 400. Kuchuluka kwa amoniya wotulukayo kumanena kuchuluka kwa asidi, ndipo kutentha kumene watulukira kumanena mphamvu yake.

Komatu chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Amoniya ndi wamng'ono, amalowa ngakhale m'tingodya momwe mafuta olemera sangafike, choncho nambala itha kukongola pomwe ntchito ili yochepa. Komanso satiuza mtundu wa asidi. Mitundu ilipo iwiri, wa Brønsted ndi wa Lewis, ndipo woswa mafuta kwambiri ndi wa Brønsted. Apa akatswiri amatenga mankhwala otchedwa pyridine, n'kuwalitsa kuwala kwa infrared pa ufawo. Wa Brønsted amaonekera pa nambala ya 1545, wa Lewis cha pa 1450. E. P. Parry adafotokoza njirayi mu 1963 ndipo ikugwirabe ntchito.

Kwa ine phunziro ndi ili: katswiri weniweni sakhulupirira sikelo imodzi, monganso wogula nandolo wochenjera amayezetsa thumba kawiri. Ife Amalawi mafuta timangolandira oyengayenga, komabe tikufunika ana athu odziwa kuyeza zimene tagula ndi ndalama zakunja zosowazi. Ophunzira inu, kemisitiri musamuone ngati chopinga cha mayeso a MSCE chabe. Dziko losadziwa kuyeza limagula pa sikelo ya eni ake, ndipo silingatsutse.