Chikondwerero cha maluwa a tulip ku Pella: anthu amaika tsiku, nyengo ndiyo imagamula

Kumayambiriro kwa mwezi wa Meyi chaka chilichonse, magalimoto ambiri amanyamuka m'mamawa mumzinda wa Des Moines, likulu la chigawo cha Iowa ku America, kulowera ku Pella, tauni yaing'ono ya anthu opitirira pang'ono 10,000. Ulendowu ndi wa makilomita pafupifupi 70 ndipo sutenga ola lathunthu, choncho alendo ambiri amabwerera kwawo usiku wa tsiku lomwelo. Chimene amatsata kumeneko ndi chikondwerero cha masiku atatu chotchedwa Tulip Time, chimene chimachitika kuyambira Lachinayi mpaka Loweruka.

Komabe palibe amene angamutsimikizire mlendo kuti akapeza maluwawo atamasula. Tsiku la chikondwerero limaikidwa miyezi yambiri pasadakhale, pomwe duwa limamvera kuzizira ndi kufunda kwa dothi basi.

Kuti timvetse chifukwa chimene tauniyi idadzimangirira pa duwa lovuta chonchi, tiyenera kubwerera ku chaka cha 1847. M'chakachi anthu pafupifupi 800 ochokera ku Netherlands adafika m'derali motsogozedwa ndi m'busa Hendrik Scholte. Iwowa adali atapatuka ku mpingo umene boma la kwawo linkauzindikira, ndipo adali atatopa ndi kulipitsidwa chindapusa komanso kusokonezedwa popemphera. Mudzi wawo watsopano adautcha Pella, dzina la mzinda wakale wa kutsidya kwa mtsinje wa Yordano kumene mbiri imati Akhristu oyambirira adathawira kuchokera ku Yerusalemu.

Zidzukulu zawo zidayamba kuyankhula Chingerezi ndi kukhala ngati Amereka ena onse. Mu 1935 anthu a m'tauniyi adaganiza zokhala ndi tsiku lokumbukira kumene makolo awo adachokera, ndipo chizindikiro chimene adasankha ndi tulip. Chodabwitsa n'chakuti m'chaka choyambacho maluwa enieni adali osowa, moti misewu idakongoletsedwa ndi maluwa opala kuchokera ku matabwa. Kuyambira pamenepo anthu adayamba kubzala maluwawa m'mapaki, m'mbali mwa misewu ndi pamakomo.

Ngakhale dziko lonse limalumikiza tulip ndi Netherlands, kwawo kwenikweni kwa duwali ndi kumapiri a pakati pa Asia. Anthu a ku Turkey adalilima kwa nthawi yaitali lisanafike kumadzulo kwa Ulaya, ndipo katswiri wa zomera Carolus Clusius adalibzala mumzinda wa Leiden mu 1593. Patangopita zaka makumi anayi, mitengo yake idakwera mopanda nzeru, kufikira idagwa mwadzidzidzi mu Febuluwale 1637 n'kusiya amalonda ena m'ngongole.

Chiyambi cha kumapirichi ndicho chimafotokoza khalidwe la duwali. Tulip amamera kuchokera ku chinthu chofanana ndi anyezi, chimene chimasunga chakudya ndi kaduwa kakang'ono m'kati mwake. Anyeziyu amakwiriridwa cha mu Okutobala dothi lisanaume ndi chisanu, ndipo amafunika kukhala m'dothi lozizira kwa milungu 12 mpaka 16. Kuzizirako ndiko kumamudzutsa. Akapanda kukupeza, tsinde limakhala lalifupi kapena duwa silituluka n'komwe. Ichi ndicho chifukwa chake m'mayiko otentha ngati kuno kwathu duwali silichita bwino, pokhapokha anyezi wake atayamba wasungidwa mufiriji.

Chisanu chikatha, dothi likayamba kufunda, mmera umatuluka ndipo duwa limamasula. Kukongola kwake kumatha mlungu umodzi kapena iwiri yokha, ndipo dzuwa lamphamvu, mphepo kapena matalala zimafupikitsanso nthawiyi. Apa ndi pamene pagona vuto. Kukafunda msanga, maluwa amamasula mu Epulo n'kuyoyoka alendo asanafike. Chisanu chikachedwa kutha, alendo amapeza masamba obiriwira okhaokha. Mu 2012 mwezi wa Malichi udatentha modabwitsa m'chigawo chapakati cha America, ndipo ku Holland, tauni ya ku Michigan imene ili ndi chikondwerero changati chomwechi kuyambira 1929, anthu adachita kuseka okha n'kuchitcha chikondwerero cha mapesi, popeza maluwa ambiri adali atayoyoka kale.

Olima maluwa ali ndi njira yochepetsera tsokali. Mitundu ya tulip simasula nthawi imodzi: ilipo yofulumira, yapakati ndi yochedwa. Akasakaniza mitunduyi, nyengo ya maluwa imatalika ndi milungu ingapo, ndipo mlendo amapezako kanthu ngakhale chaka chitavuta. Njira yachiwiri ndi yokonza tsikulo kuti lisadalire maluwa okha.

Motero wofika ku Pella amapeza eni tauni, kuyambira makanda mpaka agogo, atavala zovala zamakedzana za m'zigawo zosiyanasiyana za Netherlands, ena atavala nsapato zosema pamtengo. Perete asanayambe, amuna amathira madzi mumsewu ndi ndowa ndipo ena amakwecha ndi maburashi, pokumbukira ukhondo umene makolo awo ankanyadira. Perete amachitika masana, kenako madzulo ngolo zokongoletsedwa zimadutsanso zitayatsa magetsi. Pali magule, magulu a malipenga a m'sukulu, ndi mtsikana amene amasankhidwa kukhala mfumukazi ya chikondwererocho.

Pakati pa tauni pali chigayo choyendera mphepo chotchedwa Vermeer Mill, chotalika mamita pafupifupi 38. Zipangizo zake zidapangidwa ku Netherlands ndipo chidamalizidwa mu 2002, ndipo chimagayadi tirigu. Nyumba ya m'busa Scholte ikadalipo ndipo tsopano ndi malo osungirako mbiri. M'mabekale anthu amaima pamizere italiitali kudikira makeke opindika ngati chilembo S, okhala ndi phala lotsekemera la mtedza wa almond m'kati.

Zonsezi zimatheka chifukwa cha anthu ongodzipereka, amene amasoka zovala, kuphika, kulondolera magalimoto ndi kuperekeza alendo. Mipingo, masukulu ndi magulu othandiza anthu amagulitsa zakudya kuti apeze ndalama zoyendetsera ntchito zawo, ndipo eni masitolo amawerengera masiku atatuwa. N'chifukwa chake mlungu umodzi wa kutentha mu Malichi umadetsa nkhawa tauni yonse, osati olima maluwa okha.

Amene amaidziwa bwino Pella ndipo amangofuna maluwa amayamba afunsa mmene minda ilili, ndipo ena amapita mlungu umodzi chikondwerero chisanayambe, pamene misewu ili phee. Ofuna perete ndi magule alibe kuchitira mwina koma kupita pa masiku oikikawo n'kulandira zimene nyengo yawasiyira. Eni tauni nawo amadikira miyezi isanu, ndipo pofika Okutobala amagwadanso m'minda kukwirira anyezi wina, osadziwa ngati Meyi wotsatira adzawakomera.