Njinga ikaima masiku, batire lisasiyidwe lokha

Kwa wakabaza wa njinga yamoto, kapena wamalonda wonyamula tomato ndi nsomba kupita nazo kumsika, ndalama ili m'mawa. Njinga ikakana kulira mbandakucha, makasitomala amakwera ina, ndipo katundu amafika ogula atapikula kale kwa ena.

Nthawi zambiri vuto limakhala batire. Batire limataya moto pang'onopang'ono ngakhale njinga ili chiimire, monga zimakhalira mafuta akasowa kapena mwini wake akapita kumudzi. Kuyenda maulendo afupiafupi, kuliza ndi sitata pafupipafupi komanso kutchajira foni panjinga kumalifooketsanso.

Batire la mavolti 12 likadzaza limawerenga 12.6 kapena kuposa pang'ono. Likakhala masiku ambiri lili pansi pa 12.4, mapuleti a mkati amayamba kuuma ndipo silisunganso moto ngati kale. Apa mpamene ambiri amakagula latsopano, chikhalirecho lakalelo likanapulumuka.

Chothandiza ndi katchaja kakang'ono kotchedwa trickle charger. Kamapereka moto wochepa, nthawi zambiri osapitirira ampu imodzi, wongobwezeretsa umene ukutayika. Batire limafuna moto wosaposa gawo limodzi mwa magawo 10 a kukula kwake. La 7Ah, mwachitsanzo, limakwana ndi ampu 0.7. Tchaja ya galimoto imapereka moto wambiri, motero imatenthetsa batire la njinga, kuumitsa madzi ake n'kulitupitsa.

Pogula, ndi bwino kufunsa ngati tchajayo imadzizimitsa yokha batire likadzaza. Yotero ingathe kusiyidwa usiku wonse kapena sabata yathunthu. Yosadzizimitsa iyenera kuchotsedwa batire likangodzaza.

Kalumikizidwe kake n'kosavuta. Njinga ikhale yozimitsa, waya wofiira apite pa +, wakuda pa −, kenako tchaja ilowe kumagetsi. Izi zichitikire pamalo opita mphepo, kutali ndi mbaula kapena wosuta fodya, chifukwa batire likamatchajidwa limatulutsa mpweya woyaka msanga. Ngati ndi batire lothira madzi, athiridwe madzi a batire okha, osati a pampopi.

Kumene magetsi a ESCOM kulibe, kasola kakang'ono ka mawati 5 kokhala ndi kontorola kamagwira ntchito yomweyo.

Akabaza a siteji imodzi angathenso kusonkha n'kugula tchaja imodzi yomabwerekana, njinga imene yaima nthawi yaitali n'kumayambira.