Ngwazi za pa Kanema ndi Anthu Obisala M'mapiri

Amene adaimapo pa Mvera, pa msewu wa ku Salima, dzuwa litapendeka, akulidziwa phokoso lotuluka m'tinyumba toonetsera vidiyo: akavalo kuthamanga, malupanga kuwombana, malipenga kulira, ndipo pamwamba pa zonsezi mawu a womasulira amene amasandutsa Chingerezi kukhala Chichewa, nathirako nthabwala zakezake. Ana akatuluka m'menemo amakhala atasanduka asilikali. Phesi la chimanga ndilo lupanga, chivindikiro cha mphika ndicho chishango, ndipo chulu cha kuseri kwa nyumba ndilo linga loyenera kulanda. Masiku ano zithunzi zomwezo zalowanso m'mafoni, kotero kuti mwana safunanso ndalama yolipira pakhomo.

Makolo ena amafunsa ngati mafilimu a ngwazi zakale za ku Ulaya, aja a asilikali ovala chitsulo ndi mafumu a malinga amiyala, ali oyenera kuonedwa ndi ana. Funsoli si loyankha mothamanga. Takhala pansi ndi kuonanso mafilimu awiri otchuka koposa a mtunduwu, ndipo tapezamo zokoma zenizeni, tapezamonso chilema chimene ife a m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi tiyenera kuchizindikira msanga kuposa anthu ena.

Tiyambe ndi El Cid, filimu ya m'chaka cha 1961, yotalika kupitirira maora atatu. Adaitsogolera ndi Anthony Mann, ndipo Charlton Heston adasewera ngati Rodrigo Díaz, msilikali wa ku Spain amene adamwalira mu 1099; Sophia Loren ndiye mkazi wake Jimena. Nthawi imeneyo kunalibe makompyuta ochulukitsira anthu pa chithunzi. Khamu lonse limene mukuliona likuthamanga m'mbali mwa nyanja ndi anthu enieni, ambiri mwa iwo asilikali a boma la Spain amene adabwerekedwa pa ntchitoyo. N'chifukwa chake filimuyi ikadali yolemera m'maso ngakhale yakalamba.

Koma chokoma chake chachikulu sichili m'khamu ayi. Chili m'makhalidwe a munthuyo. Pachiyambi penipeni Rodrigo agwira mafumu Achisilamu pa nkhondo, ndipo anthu ake afuna kuti awapachike. Iye akana, nawamasula atalonjeza kuti sadzamenyananso ndi mfumu yake, ndipo mmodzi wa iwo amutcha Cid, dzina lochokera ku mawu a Chiarabu otanthauza mbuye. Chifundo chimenechi chimutengera mlandu wa kupandukira dziko. Patsogolo pake aimirira pamaso pa bwalo lonse, nalumbiritsa Mfumu Alfonso kuti sidatengeko mbali pa imfa ya mbale wake Sancho. Apitikitsidwa m'dziko chifukwa cha zimenezi, ndipo ali pa ulendo wa kupitikitsidwako apatsa madzi munthu wakhate amene ena onse akadamulambalala. Mnyamata woona zotere aphunzira kuti mphamvu si kupha kokha, kuti munthu angathe kukonda mfumu yake koma osainamiza, ndi kuti mdani wa chipembedzo china angasanduke bwenzi lokhulupirika. Maphunziro otere sitingawataye chifukwa choti abwera pa kanema.

Tsono chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Rodrigo weniweni atapitikitsidwa mu 1081 adapita kukagwira ntchito ya usilikali kwa mafumu Achisilamu a ku Zaragoza, namenyana ndi Akhristu anzake, mpaka kugwira mtsogoleri wa ku Barcelona. Anali katswiri wa nkhondo wolandira malipiro, ndipo pambuyo pake adadzifunira dziko lakelake. Nkhani ya kulumbiritsa mfumu ija akatswiri a mbiri amaiyesa nthano imene idabadwa zaka zambiri iye atamwalira. Chimodzimodzinso mathero otchuka aja, pamene mtembo wake umangiriridwa pa kavalo, nutuluka pa chipata, adani nabalalika ndi mantha. Rodrigo sadafe ndi muvi wa nkhondo imeneyo. Adamwalirira mumzinda wa Valencia, umene adaulamulira zaka zisanu.

Filimu yachiwiri ndi Braveheart ya 1995, imene Mel Gibson adaitsogolera naseweramo yekha ngati William Wallace, ngwazi ya ku Scotland, kwawo kwa David Livingstone. Idalandira mphotho zisanu za Oscar, ndipo palibe angakane kuti imatenthetsa magazi. Koma pa choonadi ndiyo yopepuka koposa. Nkhondo ya mu 1297 imene Wallace adapambana imatchedwa ya pa mlatho wa Stirling, pakuti Asikoti adadikira kuti gawo lina la Angerezi liwoloke mlatho wopapatiza wa pa mtsinje wa Forth, ndipo pamenepo adawagwera. Nzeru yonse inali pa mlathopo, koma mufilimu mlatho mulibe. Mulibenso Andrew Moray, amene adatsogolera nkhondoyo limodzi ndi Wallace navulala mpaka kufa. Ndipo mfumukazi Isabella, amene filimu imati adagona ndi Wallace natenga pathupi, anali kamtsikana ka zaka ngati khumi ku France pamene Wallace ankaphedwa ku London mu 1305. Adafika ku England mu 1308. Tionjezepo kuti mwazi ndi wochuluka m'filimuyi, ndipo chigawo cha kuzunzidwa kwa Wallace si cha ana aang'ono.

Zolakwa za zaka ndi maina n'zosavuta kukonza. Mphunzitsi wa mbiri angazikonze ndi choko m'phunziro limodzi. Chilema chimene chatidetsa nkhawa ndi china. Mafilimu amenewa amatiphunzitsa kuyang'ana munthu mmodzi yekha, wa pa kavalo. Akale adati mutu umodzi susenza denga, koma pa kanema mutu umodzi umasenza dziko lonse. Mudzi ukatenthedwa, timauona kamphindi chabe, kuti ngwazi ipeze chifukwa chokwiyira. Kenaka chithunzi chitsata kavalo, ndipo za amayi aja othawa ndi ana kumbuyo sitimvanso kanthu.

Ife kunotu ndife zidzukulu za anthu otere, ndiponso za ankhondo amene adawathamangitsa. Angoni a Zwangendaba adawoloka Zambezi mu Novembala 1835, ndipo patapita zaka gulu la Chiwere Ndlovu lidakhazikika m'mapiri a Dowa. Achewa ambiri adasiya minda ya m'zigwa nakwera m'mapiri, ena nazinga midzi yawo ndi malinga. Nkhalango ya pa phiri la Ntchisi inali pothawira pa masiku amenewo, ndipo chimenechi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene mitengo yake idasiyidwira osadulidwa. Pamene A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok adamanga hema pa Mvera mu Novembala 1889, adatero ndi chilolezo cha Chiwere, pakuti mphamvu ya dera lonse inali m'manja mwake. Lero tidakwatirana, tikulima m'malire amodzi, ndipo m'nyumba zambiri mwana ali ndi agogo a mbali zonse ziwiri. Sitikukumba zimenezi kuti tidzutse chidani. Tikungoti nkhondo ya mikondo ndi zishango ife siyachilendo, ndipo mbiri imene makolo adatisiyira ili ndi njala, ukapolo ndi ana otayika m'tchire, zinthu zimene lipenga la pa kanema limaziphimba.

Ambiri a ife tidaonanso Shaka Zulu, sewero la mu 1986 la wailesi ya kanema ya ku South Africa, m'mene Henry Cele adasewera mochititsa nthumanzi. Shaka adafa mu 1828, choncho si wa nthawi ya El Cid, koma kaphikidwe ka nkhani n'komweko: mfumu imodzi yaikulu, ndi mitundu ina yonse ngati udzu wopondedwa. Seweroli lidapangidwa m'masiku a tsankho, ndipo mbali yaikulu ya nkhani imafotokozedwa ndi mzungu, Henry Fynn. Anyamata athu adaloweza mayendedwe a Cele. Ndi ochepa adafunsa kuti anthu othawa nkhondo za nthawi imeneyo adalowera kuti, chonsecho ena mwa iwo ndiwo adadzafika m'mapiri athu ano.

Chotero yankho lathu kwa makolo nali. El Cid ndi filimu yoti banja lingaonere limodzi. Braveheart idikire kuti mwana asinkhuke. Koma musamusiye yekha ndi womasulira wa m'kanyumba kaja, amene ntchito yake ndi kuseketsa. Khalani naye, ndipo chithunzi chikatha mufunseni kuti anthu a m'mudzi wotenthedwa uja adagona kuti, ndi kuti chakudya cha khamu lonse la asilikali chidachokera m'nkhokwe za yani. Achinyamata a ku sekondale angathe kupitirira apo, nafufuza m'mabuku chimene chidachitikadi, pakuti nthawi zina mbiri yeniyeni imatembenuza chithunzi chonse.

Chitsanzo chake chili mu El Cid momwemo. Pali chigawo chokongola pamene Rodrigo azinga Valencia, anthu a mumzinda ali ndi njala, ndipo iye m'malo mwa miyala alamula kuti aponye mikate pamwamba pa linga. Anthu atsegula zipata mokondwera. Zolembedwa zakale zimanena zina: adauzinga mzindawo miyezi yambiri mpaka njala idapha anthu, naulanda mu Juni 1094, ndipo chaka chotsatira adatentha wamoyo Ibn Jahhaf, woweruza amene ankaulamulira. Filimu imatha ndi kavalo woyera akuthamanga m'mbali mwa nyanja, nyimbo zikukwera. Mzinda weniweniwo udatsala m'manja mwa Jimena, mkazi wamasiye, amene adauteteza pafupifupi zaka zitatu. Mu 1102 Mfumu Alfonso idaona kuti sungasungike, idatulutsamo Akhristu pamodzi ndi mtembo wa Rodrigo, ndipo pochoka adauyatsa moto.