Njala ya njuchi m'nyengo ya chisanu: zimene taphunzira ku Nancholi

M'mawa wina mwezi wa Julayi, chiperoni chitakuta phiri la Soche, anyamata awiri a m'kalabu yathu anapita kukazonda ming'oma ya njuchi. Anabwerako manja ali m'khosi. Pa ming'oma isanu imene tinali nayo, iwiri inalibe njuchi ndi imodzi yomwe. Zisa zinalimo, koma zouma, zopanda ndi dontho lomwe la uchi.

Ena mwa ife tinkati wina watichita chipongwe. Koma agogo ena amene akhala akuweta njuchi kwa zaka zambiri atabwera kudzaona, anangopukusa mutu. Anatifunsa kuti tinafula liti uchi, nanga tinasiyamo wochuluka bwanji. Apa tonse tinayang'ana pansi. Mwezi wa Meyi tinali titachotsa uchi wonse chifukwa tinkafuna ndalama zogulira mpira ndi yunifolomu za timu yathu. Njuchi sizinabedwe ayi. Tinazipirikitsa tokha ndi njala.

Chifukwa chiyani njuchi zimathawa?

Achinyamata anzathu, njuchi zathu kuno n'zosiyana khalidwe ndi za kumaiko ozizira monga Canada kapena Germany. Kumeneko njuchi zimaunjikana m'mng'oma kwa miyezi ingapo osatuluka, zikudya uchi umene zinasunga, ndipo banja limodzi likhoza kudya makilogalamu oposa 20 chisanu chisanathe. Zathu sizidikira imfa m'nyumba. Zikaona kuti chakudya chatha, mfumukazi imasiya kuikira mazira ndipo gulu lonse limasamuka kukafuna kwina.

Mwezi wa Juni ndi Julayi ndi wovuta kuno ku Blantyre. Chiperoni chikabwera chimatha masiku angapo, ndipo njuchi siziuluka bwino kunja kukamazizira ndi kuwaza mvula yamawawa. Chonsecho m'kati mwa mng'oma ziyenera kufunditsa ana awo, pakuti malo amene pali anawo amafunika kutentha pafupifupi madigiri 35. Kutentha kumeneku zimakupanga ponjenjemeretsa minofu ya mapiko, ndipo mphamvu yake imachokera mu uchi. Choncho nthawi imene zikulephera kupita kuntchito ndi yomweyo imene zikudya kwambiri.

Maluwa nawo amakhala atachepa. Deliya wa m'mbali mwa misewu ndi chisoso cha m'minda zimakhala zikuuma, ndipo moto wolusa umayamba kupsereza tchire. Mitengo yachilengedwe ya m'phiri la Soche yambiri inatha kale ndi makala ndi nkhuni. Chimene chimatipulumutsako ndi nandolo, amene amachita maluwa nyengo yomweyi.

Kodi tingadziwe bwanji kuti njala yalowa? Nyamulani pang'ono kumbuyo kwa mng'oma. Ukapepuka, chenjerani. Khalaninso pambali pa khomo dzuwa likatuluka ndi kuona ngati njuchi zikubwera ndi mungu kumiyendo. Mukaona njuchi zili piringupiringu pa madeya kuchigayo, dziwani kuti mungu wasowa kutchire.

Kapangidwe ka chakudya

Tinene mosabisa: chakudya chabwino koposa cha njuchi ndi uchi wawo womwe. Shuga ndi wodula, ndipo alibe zonse zimene zili mu uchi. Masiku ano tikamafula timachotsa zisa zakumbuyo zokha zimene zamatidwa bwino ndi phula, n'kusiya zitatu kapena zinayi pafupi ndi ana. Pamsonkhano wa kalabu mfundo imeneyi inabweretsa mkangano, chifukwa ena ankaona ngati tikusiya ndalama m'bokosi. Ming'oma iwiri yopanda kanthu ija ndiyo inathetsa mkanganowo.

Koma ngati uchi watha kale, shuga ndi amene angapulumutse banja la njuchi. Sungunulani makapu 2 a shuga mu kapu 1 ya madzi ofunda, ndipo mudikire kuti zizizire. Musawiritse shuga pamoto, chifukwa shuga wopserera amadwalitsa njuchi. Ngati mungapeze shuga woyera, ndiye wabwino kuposa wofiirira kwambiri. Konzani wokwanira masiku awiri kapena atatu okha, poti akakhalitsa amasasa.

Thirani madziwo m'mbale yosaya, muikemo timitengo kapena udzu wouma kuti njuchi zizitera popanda kumira. Ife ulendo woyamba tinaiwala zimenezi ndipo m'mawa mwake tinapeza njuchi zambiri zikuyandama zitafa. Mbaleyo ikhale m'kati mwa mng'oma, chakumbuyo kumene kulibe zisa, ndipo muiike madzulo dzuwa likulowa, mutavala zodzitetezera. Chonde musaike chakudyachi panja. Njuchi za ming'oma ina zimamva fungo, zimabwera kudzalanda, ndipo zikamaliza zimalowerera mng'oma wofooka n'kuubera zonse. Komanso kuno ku Nancholi nyumba zili pafupipafupi. Njuchi zolusa zikaluma mwana wa aneba, nkhani yake ikathera kwa amfumu. N'chifukwa chake timachepetsanso khomo la mng'oma ndi kamtengo, kuti alonda ochepa athe kuliteteza.

Musazipatse uchi wogula kumsika, chifukwa ungathe kubweretsa matenda a ana a njuchi ochokera ku ming'oma ina. Zakumwa zotsekemera za m'mabotolo nazonso ayi. M'malo mwa mungu mutha kuika ufa wa soya wouma pamalo a mthunzi pafupi ndi ming'oma. Musaiwale madzi akumwa m'beseni loikamo miyala. Ndipo poti shuga amaitana nyerere ndi linthumbu, pakani girisi pa mawaya opachikira ming'oma.

Kuwerenga masabata

Pali kasamu kakang'ono kamene katithandiza kwambiri. Kuchokera pa dzira kufika pa njuchi yantchito pamapita masiku 21. Ikatero njuchiyo imagwira ntchito za m'nyumba kwa masabata pafupifupi atatu isanayambe kupita kumaluwa. Ndiye kuti njuchi imene idzatute timadzi ta m'maluwa mu Seputembala iyenera kuikiridwa dzira masabata 6 m'mbuyo mwake. Banja limene lagona ndi njala mpaka Ogasiti, ngakhale lisathawe, limafika nyengo ya maluwa lilibe antchito.

Pa chifukwa chimenechi, chakumapeto kwa Julayi timasintha muyezo: kapu 1 ya shuga pa kapu 1 ya madzi. Madzi opepukawa amafanana ndi timadzi ta m'maluwa, ndipo mfumukazi imayambanso kuikira mazira ambiri.

Mango ndi mapeyala akachita maluwa, njuchi n'kuyamba kubwera ndi mungu wambiri, timasiyiratu kudyetsa. Tikapitiriza, njuchi zimasunga shuga uja m'zisa ndipo tingadzagulitse madzi a shuga m'dzina la uchi. Kasitomala wa ku Limbe akangozindikira kamodzi, sadzabweranso, ndipo adzauza anzake.

Ming'oma iwiri ija tinaitsuka, tinapaka phula pa timatabwa take ndi kuipachikanso. Umodzi unalowa njuchi nyengo yotentha itayamba, winawo tikudikirabe. Msungichuma wathu tsopano amapatula ndalama ya mapaketi angapo a shuga nthawi iliyonse tikagulitsa uchi, ndipo mvula ikagwa tagwirizana kudzala nandolo kuzungulira malo onse a ming'oma.